Chikomekome cha Mzinda wa Athens

Anthu ambiri amene anapitako kusukulu akamva dzina loti Athens amakumbukira zinthu ziwiri. Choyamba n'chakuti mzinda umenewu, womwe uli m'dziko la Greece, ndiwo unabala ulamuliro wa demokalase. Chachiwiri ndi nthano za milungu ya Agiriki: Zeus woponya mphezi, Poseidon mwini nyanja, Athena wanzeru zakuya, ndi ina yotero. Zinthu ziwirizi amazisunga m'madengu osiyana. Demokalase amaitchula mwaulemu ngati nkhani ya akuluakulu, pamene nthanozo amaziyesa zosangulutsa ana, zongofanana ndi za Kalulu ndi Fisi zokambidwa madzulo pamoto. Mabuku ena a mbiri yakale nawonso amachita chimodzimodzi. Mutu wina ukamba za boma, mutu wina za milungu, ngati kuti oponya mavoti ndi okamba nthano anali mitundu iwiri ya anthu.

Kuganiza kotere n'kulakwa, ndipo kulakwa kwake si kwakung'ono. Ku Athens nthano zinali pantchito usana ndi usiku. Zinkauza munthu aliyense malo ake: woyenera kuyankhula pabwalo ndani, woyenera kukhala chete ndani, mwini nthaka ndani, wobwera ndani. Amene atamanda demokalase ya ku Athens osafunsa zimene nthano zake zinkachita ali ngati munthu woyamikira mkuyu poona kufiira kwa kunja, osaung'amba kuti aone nyerere za m'kati.

Mzindawo upatsidwe kaye ulemu wouyenera. Cha m'ma 508 BC, ndiye kuti zaka 508 Khristu asanabadwe, mtsogoleri wina dzina lake Cleisthenes anasintha malamulo kuti mphamvu zichoke m'manja mwa mabanja olemera ochepa. Kuyambira pamenepo nzika zinkasonkhana pa kaphiri kotchedwa Pnyx kukagamula zokha za nkhondo, misonkho ndi malamulo. Bungwe la anthu 500 lokonza nkhani za msonkhanowo linkasankhidwa pochita maere, ndipo milandu inkaweruzidwa ndi anthu wamba mazanamazana. Mlimi wosauka ankatha kuimirira n'kutsutsa mwana wa banja lotchuka, anthu n'kumumvera. M'nthawi imene maiko ambiri ankagwadira mafumu osafunsidwa kanthu, chimenechi chinali chinthu chachikulu ndithu. Koma nzika zimenezi zinali zingati? Akatswiri a mbiri yakale amayerekeza kuti m'dera lonse la Attica, momwe munali mzindawo, munkakhala anthu pakati pa 250,000 ndi 300,000, pamene amuna okhala ndi ufulu woponya voti anali pakati pa 30,000 ndi 60,000 malinga ndi nyengo. Otsalawo anali ana, akazi, alendo ndi akapolo.

Tsono gulu lochepa silingakhalitse pamwamba pa gulu lalikulu ndi mikondo yokha. Pamafunika nkhani yoti onse akhulupirire kuti zinthu zinalengedwa choncho, ndipo nkhaniyo ikhale yokoma kuti ana aziipempha okha. Apa m'pamene nthano zinagwira ntchito yake.

Nthano yodziwika kwambiri ya mzindawo ndi ya mkangano wa Athena ndi Poseidon. Akuti milungu iwiriyi inkalimbirana mzindawo usanakhale ndi dzina. Poseidon anamenya thanthwe ndi mkondo wake wa nsonga zitatu ndipo panatumphuka kasupe wa madzi amchere. Athena anameretsa mtengo wa azitona, ndipo ndiye anapambana. Nkhaniyi inasemedwa m'miyala pamphumi pa kachisi wamkulu wa Parthenon chakumadzulo, kachisi amene anamangidwa pakati pa 447 ndi 432 BC, kuti aliyense wokwera phiri la Acropolis aione. Ambiri amathera pomwepa pofotokoza. Koma pali mchira wake umene mlembi wa ku Rome, Varro, analemba, ndipo Augustine wa ku Hippo anausunga m'buku lake. Akuti masiku amenewo akazi nawonso ankaponya voti. Amuna onse anasankha Poseidon, akazi onse anasankha Athena, ndipo popeza akazi anaposa amuna ndi munthu mmodzi, Athena anapambana. Poseidon anakwiya n'kumiza minda ndi madzi a m'nyanja. Pofuna kumupepesa, amuna anapereka zilango zitatu kwa akazi: asadzaponyenso voti, ana asamatchedwe maina a amayi awo, ndipo akaziwo asamatchedwe Aatene.

Wowerenga aime pang'ono apa. Mwa magulu awiriwa, linasankha bwino ndi liti? Madzi amchere samwedwa ndipo sathirira mbewu. Mafuta a azitona ndiwo anakhala chuma cha Attica, ndipo mzindawo mpaka lero ukunyadira dzina la Athena. Akazi anasankha mwanzeru, koma nthanoyo ikuwalanga chifukwa cha nzeru yomweyo, n'kuphunzitsa mwana wamkazi aliyense kuti agogo ake atapatsidwa mwayi woyankhula anabweretsa chigumula. Munthu amene akuti imeneyi ndi nthano yosangulutsa chabe afotokoze chifukwa chake ikugwirizana ndendende ndi malamulo a mzindawo.

Malamulowo anali otere. Mkazi wa ku Athens ankakhala pansi pa mwamuna womuyang'anira moyo wake wonse, kaya bambo ake, kaya mwamuna wake, kaya mwana wake yemwe. Sankaloledwa kuchita pangano la malonda loposa mtengo wa muyeso umodzi wa barele, wa malita ngati 52. Bambo akamwalira osasiya mwana wamwamuna, mwana wamkazi ankatha kukwatiwa ndi mbale wapafupi wa bamboyo kuti chuma chisatuluke m'banja, ngakhale zitafunika kuthetsa ukwati umene anali nawo kale. M'makhoti, oyankhula ankapewa kutchula dzina la mkazi wolemekezeka akadali moyo, ankangoti mwana wa uje kapena mkazi wa uje. N'zoona kuti pa zachipembedzo akazi anali ndi malo aulemu. Wansembe wamkulu wa Athena pa Acropolis anali mkazi, ndipo amayi anali ndi chikondwerero chawochawo cha Thesmophoria. Koma kutumikira kukachisi sikunapatse mkazi ndi mmodzi yemwe mpando pa Pnyx.

Za Pandora n'zosachita kutalikitsa. Mlakatuli Hesiod, amene anakhala ndi moyo cha m'ma 700 BC, anafotokoza kuti Prometheus atabera anthu moto, Zeus anabwezera polamula kuti mkazi woyamba aumbidwe ndi dothi kuti akhale chilango. Mkaziyo anavundukula mtsuko, ndipo matenda ndi mavuto onse anabalalikira padziko. Mabuku ambiri amati linali bokosi, koma kumeneko kunali kuphonya kwa womasulira wina wa m'zaka za m'ma 1500, poti Hesiod ananena za mtsuko waukulu wosungiramo chakudya. Chobedwa chinabedwa ndi mwamuna, wokwiya anali mulungu wamwamuna, koma dzina lokumbukika pa mlanduwo ndi la mkazi.

Nkhani yofunika kuiona mofatsa ndi imene inaonetsedwa pabwalo la masewero la Dionysus m'chaka cha 458 BC. Mlembi wa masewero Aeschylus anatenga nthano yakale ya banja la Agamemnon n'kuikonza m'masewero atatu otsatizana otchedwa Oresteia. Agamemnon, mtsogoleri wa Agiriki pa nkhondo ya ku Troy, anapha mwana wake wamkazi Iphigenia ngati nsembe kuti mphepo ikankhe zombo zake. Patapita zaka khumi anabwerera kwawo, ndipo mkazi wake Clytemnestra anamupha. Mwana wawo Orestes, atalamulidwa ndi mulungu Apollo, anapha mayi ake. Pamenepo mizimu yaikazi yakalekale yobwezera mwazi inayamba kumuthamangitsa mpaka anafika ku Athens, kumene Athena anakhazikitsa bwalo la amuna a mumzindawo kuti aweruze mlanduwo pa phiri la Areopagus.

Otamanda Agiriki amakonda sewero limeneli, ndipo ali ndi chifukwa. Likuonetsa kubwezerana mwazi kukutha, khoti likulowa m'malo mwa mpeni. Koma mlanduwo unatha bwanji? Apollo, poimira Orestes, anati mayi si kholo la mwana. Kholo ndi bambo yekha amene amafesa mbewu, ndipo mayi amangoisunga ngati mlendo wosungira mnzake katundu. Umboni wake unali Athena yemweyo, amene akuti anatuluka m'mutu mwa Zeus wopanda mayi. Mavoti atawerengedwa anafanana, ndipo Athena anagwera mbali ya Orestes, nanena kuti iye amakondera chachimuna popeza palibe mkazi anamubala. Motero wopha mayi ake anamasulidwa, ndipo za Iphigenia pa bwalolo panalibe amene anaziimira. Mizimu yaikazi ija inanyengereredwa ndi malonjezo a ulemu n'kupatsidwa malo pansi pa nthaka. Sewerolo linalandira mphotho yoyamba.

Mwana wa Mchewa, amene anakula akudziwa kuti mbumba ndi ya kuchikazi ndipo tambala sakhala ndi anapiye, angaseke pomva mfundo ya Apollo. Kuseka kumeneko kuli ndi phindu. Mitundu iwiri inaona kubadwa kwa mwana komweko, wina n'kuti mwana ndi wa mayi, wina n'kuti mayi ndi chosungira chabe. Zikatere ndiye kuti si chilengedwe chikuyankhula, ndi anthu amene ali ndi chofuna chawo. Ndiponso umboni wa Apollo unali wachinyengo ngakhale mwa nthano za Agiriki eni ake. Hesiod anali atafotokoza kale kuti Athena anali ndi mayi, dzina lake Metis, amene Zeus anamumeza ali ndi pakati poopa kuti adzabala mwana womulanda ufumu. Kuti Athena akhale wopanda mayi, panafunika kuti mayiyo amezedwe kaye. Mbali imeneyi Apollo sanaitchule pamlandu paja.

Chodabwitsa chinachitika patangopita zaka zisanu ndi ziwiri. M'chaka cha 451 BC Pericles anakhazikitsa lamulo loti munthu akhale nzika pokhapokha bambo ndi mayi ake onse ali a ku Athens. Mayi uja amene pabwalo la masewero ankamuti si kholo, mwadzidzidzi mwazi wake unakhala wamtengo wapatali, chifukwa tsopano unkathandiza kutsekera anthu ena kunja.

Kutsekera alendo kunali ndi nthano yakenso. Aatene ankati iwo sanachokere kwina monga mitundu ina, anamera m'nthaka ya Attica. Ankafotokoza za mfumu yawo yakale Erichthonius, imene inabadwa kuchokera m'dothi pamene mbewu ya mulungu Hephaestus inagwera pansi Athena atamukana, ndipo Athena yemweyo ndiye analera mwanayo. Wolemba mbiri Thucydides akuti akuluakulu olemera a mumzindawo kale ankamanga tsitsi lawo ndi nyenje zagolide, ndipo olemba ena akale anati chinali chizindikiro cha kubadwa m'nthaka, poti nyenje imatuluka pansi. Pa maliro a asilikali oyankhula ankabwereza nkhaniyi mosatopa. Phunziro lake linali losabisika: ngati nthaka ndi mayi wa Aatene, wobwera sangakhale mwana wa m'nyumba ngakhale atakhala zaka zingati. Mlendo wokhazikika ankapereka msonkho wakewake wa madirakima 12 pachaka, ankapita kunkhondo akaitanidwa, koma sankaloledwa kugula munda kapena nyumba popanda chilolezo chapadera. Aristotle, wochokera ku Stagira, anaphunzira ndi kuphunzitsa ku Athens zaka zoposa 30 osaponyako voti. Lysias, katswiri wolemba zoyankhula za m'khoti, anali mwana wa munthu wa ku Syracuse. Gulu la olamulira ankhanza 30 litalanda boma mu 404 BC linapha m'bale wake, ndipo iye anapereka chuma chake kuthandiza amene anabwezeretsa demokalase chaka chotsatira. Ganizo lomupatsa unzika linathetsedwa, ndipo anamwalira ali mlendo. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Aatene kalumoko ankakalandira ndi manja awiri, mwini wake n'kumusiya pakhomo. Pericles mwini lamulo linamutembenukira: ana ake awiri atafa ndi mliri, anachita kupempha msonkhano kuti mwana amene anabereka ndi Aspasia, mkazi wa ku Miletus, alembedwe ngati nzika.

Nanga akapolo? Iwo sanafunikire nthano yapadera, chifukwa ukapolo unali m'nthano zonse ngati mchere m'ndiwo. Ndakatulo yaikulu ya Homer yotchedwa Iliad, imene anyamata a ku Athens ankaloweza kusukulu, ikuyamba ndi Agamemnon ndi Achilles akukangana za mtsikana wogwidwa kunkhondo, Briseis, monga anthu okangana za ng'ombe. Mnyamata woleredwa ndi ndakatulo yotere sankadabwa kuona munthu akugulitsidwa pamsika. Kum'mwera kwa Attica, ku Laurion, kunali migodi ya siliva kumene akapolo zikwizikwi ankakwawa m'mauna opapatiza ndi nyale zamafuta. Siliva wambiri amene anapezeka kumeneko mu 483 BC ndiye anamangira zombo zimene zinagonjetsa Aperezi ku Salamis mu 480 BC, ndipo amphawi opalasa zombozo ndiwo analimbitsa demokalase. Ufulu wa pa Pnyx unakumbidwa pansi ndi manja a anthu opanda ufulu. Mkulu wa asilikali wina wolemera, Nicias, akuti anali ndi akapolo 1,000 amene ankawabwereketsa kumigodiko. Kapolo akafunika kupereka umboni m'khoti, lamulo linkati umboniwo utengedwe pomuzunza. Asilikali a ku Sparta atamanga linga ku Decelea, m'dera la Attica lomwelo, mu 413 BC, akapolo oposa 20,000 anathawa. Miyendo yawo ndiyo inaponya voti.

Pali ena amene amayankha kuti si bwino kuweruza anthu akale ndi muyeso wa lero, poti iwo sankadziwa njira ina. Mfundoyi imamveka yaulemu, koma imanyoza Agiriki omwewo, chifukwa ena mwa iwo ankaona bwino lomwe. Xenophanes wa ku Colophon anadzudzula Homer ndi Hesiod chifukwa chopaka milungu kuba, chigololo ndi chinyengo, ndipo anaona kuti mtundu uliwonse umajambula milungu yofanana ndi nkhope zake. Aristotle, poikira kumbuyo ukapolo, anavomereza yekha kuti panali anthu onena kuti ukapolo ndi wosemphana ndi chilengedwe. Plato ndiye anaulula chinsinsi chonse. Polongosola za mzinda wabwino wa m'maganizo mwake, analangiza kuti olamulira apeke nthano yoti anthu onse anabadwa m'nthaka, koma mulungu anasakaniza golide mwa ena, siliva mwa ena, chitsulo ndi mkuwa mwa alimi ndi amisiri, kuti aliyense akhutire ndi malo ake. Iye mwini anaitcha bodza. Ngati Plato ankadziwa kuti nthano ndi chida cha olamulira, mphunzitsi wa lero alibe chifukwa chobisira ophunzira ake.

Enanso amalumphira kutsidya lina n'kumati ngati zili choncho, nthano za Agiriki zitayidwe kudzala. Amenewanso aphonya. Nthanozi ndiwo umboni wa mlanduwu, ndipo woweruza wanzeru satentha umboni. Komanso chida chomwecho chinkatha kutembenuzidwa kuloza eni ake, ndipo amene anachita zimenezi mopanda mantha ndi Euripides. Mu 431 BC anaimika pabwalo Medea, mkazi wachilendo wosiyidwa ndi mwamuna wake Jason, n'kumupatsa mpata wowerengera amuna a ku Athens mavuto a ukwati monga momwe mkazi amawaonera. Oweruza a mpikisano anamuika pamalo omaliza.

M'chaka cha 416 BC Aatene anazinga kachilumba ka Melos, kamene kanakana kulowa mu ufumu wawo. Anthu a pachilumbacho atagonja, amuna onse amsinkhu wa nkhondo anaphedwa, akazi ndi ana n'kugulitsidwa ukapolo. Ochita zimenezi anali asilikali a mzinda wa demokalase, osati a mfumu yankhanza. Patangopita miyezi yowerengeka, mu 415 BC, Euripides anaonetsa sewero la akazi a ku Troy. Anatenga nthano imene Agiriki ankanyadira koposa, ya kugwa kwa mzinda wa Troy, n'kuionetsa kuchokera kwa ogonja. Pabwalo panali Hecuba, mfumukazi yokalamba itagona m'fumbi, akazi akuyembekezera kumva kuti aliyense wagwera mbuye uti, ndi kamwana ka Hector kakutengedwa m'manja mwa mayi ake Andromache kuti kakaponyedwe pansi kuchokera pamwamba pa linga. Pakati pa oonerera panali amuna amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Melos. Chaka chimenecho Euripides anakhala wachiwiri.

Chaka chomwecho msonkhano wa pa Pnyx unatumiza zombo zankhondo zambiri kukalanda chilumba cha Sicily, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake anali Nicias uja wa akapolo 1,000. Mu 413 BC gulu lonselo linagonjetsedwa ku Syracuse. Nicias anaphedwa, ndipo asilikali osachepera 7,000 anatsekeredwa m'maenje okumbamo miyala, kumene dzuwa, chisanu ndi njala zinapha ambiri. Ena anasindikizidwa chizindikiro pamphumi n'kugulitsidwa. Wolemba mbiri Plutarch akuti anthu a ku Sicily ankakonda kwambiri ndakatulo za Euripides, ndipo ena mwa Aatene amene anasanduka akapolo anamasulidwa chifukwa cholakatulira ambuye awo mizere imene ankaikumbukira. Atafika kwawo, akuti anapita kukamuthokoza mlembiyo.